Mapepala a m'bokosi la agogo ndi buku limodzi la mbumba yathu

Amayi a mayi anga anamwalira m'mwezi wa Ogasiti, zaka zinayi zapitazo, kumudzi kwathu kufupi ndi phiri la Domwe m'boma la Angonia ku Mozambique. Pa tsiku lometa, malume anatulutsa bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi la malemuwo, naliika pamkeka pamaso pa abale onse kuti pasadzapezeke wonena kuti china chinabisidwa. Chivundikiro chake chinali chitagwira dzimbiri, ndipo atachikanganula ndi mpeni panatuluka fungo la chinyezi cha zaka zambiri. Pamwamba panali zitenje ziwiri zosavalidwa ndi kolona, ndipo pansi penipeni panali mtolo wa mapepala womangidwa ndi luzi, umene chiswe chinaudya mbali imodzi chitalowera pa kabowo ka pangodya. Zitenje zinapeza eni ake mwamsanga, koma mapepalawo anatsala pamkeka, mpaka wina ananena kuti angotenthedwa pamodzi ndi zinyalala za pasiwa. Ndinagwada pafupi ndi malume n'kunena kuti, "Malume, ngati palibe amene akuwafuna, ndiloleni ndiwatenge ine." Iwo anandiyang'ana kanthawi, nati, "Tenga, mphwanga, koma ukumbukire kuti si ako wekha, ndi a mbumba yonse."

Ndinawanyamula m'jumbo pa shapa, minibasi ya kuno, ulendo wa makilomita oposa 200, mpaka ku Moatize kumene ndimaphunzitsa. Nditawayala patebulo anakwana 23. Panali kaderneta, kabuku kachiphaso, ya agogo aamuna ya nthawi ya Apwitikizi, yodzaza ndi zidindo za msonkho, chitupa chawo cha ku Rhodesia, makhadi awiri a ubatizo, khadi lolandirira chakudya la nthawi imene banja lathu linali ku Malawi pothawa nkhondo yapachiweniweni, masedula (zikalata za kubadwa) atatu, zithunzi zisanu ndi chimodzi, makalata angapo olembedwa ndi pensulo, malisiti a fodya, ndi ndalama ziwiri zapepala za escudo zimene zinasiya kugwira ntchito pamene metikali inabwera pa 16 Juni 1980. Malipiro anga amathera pa lendi, chakudya ndi zofunika za ana, choncho ndinatsimikiza mtima kuyambira tsiku lomwelo kuti ntchito yosunga zinthu zimenezi isadzadye ndalama ya ndiwo.

Ngakhale ndinatsimikiza choncho, ndalama yoyamba imene ndinatulutsa ndinaitaya, ndipo pamodzi ndi ndalamayo ndinawononga chinthu chosabwezeka. Ndinatenga khadi limodzi la ubatizo, lakale kuposa onse, kupita nalo pa kashopu ka fotokopi kuti alimate m'pulasitiki ndi makina otentha, zija m'tauni amati plastificar. Litatuluka m'makinamo linali lowala ndi lolimba, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa. Patapita miyezi ingapo ndinaona kuti inki ya dzina la amayi a agogo, imene inali yozirala kale, yafalikira ngati yagwera madzi, ndipo m'mphepete munalowa mpweya n'kuyamba kuda. Ndinayesa kumatula ngodya imodzi, pepala linang'ambika n'kutsalira ku pulasitikiyo. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kutentha ndi guluu wa makinawo zimalowerera m'pepala, ndipo zikatero palibe njira yolichotseramo. Amene akufuna chikalata choti anthu azigwiragwira achititse fotokopi, amate fotokopiyo, koma chenichenicho asachiyandikitse ku makinawo. Chimodzimodzinso selotepi, imene imasanduka yachikasu n'kusiya banga, ndi mapini achitsulo, amene amachita dzimbiri nthawi ya dzinja n'kuboola pepala.

Vuto lalikulu silinali kusunga mapepalawo ayi, koma kuwamvetsa. Nditayamba kuwawerenga mofatsa ndinaganiza kuti muli amuna atatu osiyana, pamene onsewo anali munthu mmodzi, agogo anga aamuna. Pa kaderneta panali dzina lawo lakumudzi, lolembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Pa khadi la ubatizo panali dzina la woyera mtima limene analandira kutchalitchi. Pa chitupa cha ku Rhodesia panali dzina lina limene ankadziwika nalo kumafamu a fodya kufupi ndi Salisbury, yemwe lero ndi Harare, ndipo mudzi wolembedwapo unali wa ku Dedza, osati wa kwathu, chifukwa anadzera kumeneko n'kudzilembetsa ngati wa ku Nyasaland. Kumudzi, monga mwa ulemu wathu, palibe amene ankatchula mayina atatu onsewo, aliyense ankangowaitana ndi mfunda wawo.

Aliyense wa kuno amene akufufuza za makolo ake adzakumana ndi zimenezi, ndipo akapanda kuzizindikira adzapatula abale a mimba imodzi kapena kulumikiza anthu osadziwana. Mlembi wa Chipwitikizi ankalemba zimene khutu lake lamva ndi zilembo za chilankhulo chake. Pamene ife timalemba ny iye ankalemba nh, pamene timalemba kw iye ankalemba qu kapena cu, ndipo w ankamusandutsa u, moti Mbewe amapezeka atalembedwa Mbeue, monganso Ulongwe alili Ulónguè pa zikwangwani za boma ndi Zobwe alili Zóbuè. Mayina a malo nawonso anasintha, pakuti amene anabadwira ku Ulongwe ufulu usanabwere pa 25 Juni 1975, mapepala awo amati Vila Coutinho. Kuwonjezera apo, polembetsa mwana ku rejisto, ofesi ya kaundula wa boma, kawirikawiri amatenga dzina loyamba la bambo n'kuliika ngati dzina la banja la mwanayo. Mayi anga analembetsedwa ndi dzina laubatizo la bambo awo, malume ndi dzina lakumudzi la bambo omwewo, ndipo mlendo woona masedula awo awiriwo sangakhulupirire kuti anayamwa bere limodzi.

Apa ndi pamene ndinagula chida chimene chasenza ntchito yonseyi, buku lachikuto cholimba lija timati kaderno, lamasamba ambiri, pamodzi ndi mapensulo awiri ndi chofufutira. Zonsezo pamodzi sizinafike pa mtengo wa nkhuku imodzi. Ndinalemba nambala pa tsamba lililonse, ndipo munthu aliyense ndinamupatsa tsamba lake ndi nambala yake imene sisintha. Pamwamba pa tsamba ndimalemba mayina onse amene munthuyo anadziwika nawo, laubwana, lachinamwali ngati lilipo, laubatizo, lakuntchito ndi mfunda, ndiponso kalembedwe kalikonse kamene ndakapeza pa mapepala, ngakhale kolakwika. Pansi pake ndimalemba nambala ya mayi ake, ya bambo ake, ya amene anakwatirana naye ndi ya ana ake. Mayina amabwerezedwa kwambiri m'mabanja mwathu chifukwa timatcha ana mayina a agogo awo, koma nambala sibwerezedwa. Ndimagwiritsa ntchito pensulo chifukwa zolembazo zimafuna kukonzedwa nthawi ndi nthawi, komanso chifukwa pensulo siyenderera pepala likanyowa monga imachitira inki.

Poyamba ndinayesa kutsata chithunzi cha mtengo chimene chimapezeka pa intaneti, monga pa FamilySearch pamene munthu amalembetsa ulere, koma ndinaona kuti chikundisokoneza. Maganizo anga anali kuthamangira mzere wa bambo ndi dzina la banja, pamene kwathu mudzi unamangidwa pa akazi. Amuna ambiri anabwera chikamwini, ndipo minda, ufumu ndi manda zimatsata mbumba. Choncho ndinaligawa bukulo potsata mabere. Tsamba loyamba ndi la gogo wamkazi wakale kwambiri amene akuluakulu amamukumbukira, amene amati ndiye tsinde la mudzi wathu, ndipo mwana wake wamkazi aliyense ali ndi chigawo chake m'bukumo pamodzi ndi zidzukulu zake. Mbali ya bambo anga, amene makolo awo amati anabwera ndi Angoni a Maseko aja anakhazikika ku Domwe m'zaka za m'ma 1800, imatsata mzere wa amuna ndipo ndinaigulira buku lake lapadera. Kuphatikiza miyambo iwiriyi m'buku limodzi kukanabisa mmene mbali iliyonse imadziwerengera yokha, ndipo ine ndikufuna kuti ana anga adzaone zonse ziwiri monga zilili.

Pali funso limodzi limene ndaphunzira kusalilumpha. Munthu akati, "Amenewo anali amayi anga," kapena "Anali achimwene anga," ndimafunsa mwaulemu kuti, "Kodi anali okuberekani, kapena amayi aang'ono? Kodi munali a mimba imodzi?" Chilankhulo chathu chimakumbatira abale ambiri m'mawu amodzi, ndipo ndi chinthu chokoma m'moyo wa tsiku ndi tsiku, koma m'buku chimatha kupatsa mayi mmodzi ana khumi ndi asanu amene ena mwa iwo anali a mng'ono wake.

Lamulo limene ndimaliona lofunika kuposa onse, ndipo silidya ngakhale metikali imodzi, ndi lakuti mfundo iliyonse ikhale ndi gwero lake pambali. Ndikalemba chaka chobadwa, ndimalembanso kuti ndachitenga pa sedula, kapena kuti anandiuza malume tsiku lakuti, kapena kuti ndangoyerekeza ndekha. Magwero awiri akatsutsana sindisankha limodzi n'kufufuta linzake, ndimalemba onse awiri. Chitsanzo chili pa ine ndemwe. Sedula yanga imati ndinabadwira m'boma la Angonia m'chaka cha 1989, koma mayi anga amanenetsa kuti anandiberekera m'mudzi wina wa ku Dedza nthawi yokolola m'chaka cha 1988, banja lathu litakhala kale kumeneko nyengo ziwiri. Ndinalembetsedwa titabwerera kwathu nkhondo itatha, pamodzi ndi ana ena ambiri, ndipo amene anapita nane anatchula mudzi wa makolo ndi chaka chimene anachikumbukira. Pa zaboma ndimatsata sedula, koma m'buku muli zonse ziwiri, ndipo mawu a mayi anga ndinawalemba monga anawanenera. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi m'zaka zimenezo, ndipo ambiri a ku Angonia ndi Tsangano sanakhale m'misasa koma m'midzi ya abale awo ku Dedza ndi Ntcheu, kotero mabanja ochuluka a kuno ali ndi ana amene mapepala awo ndi mawu a amayi awo sizigwirizana.

Akuluakulu athu sawerenga zaka ndi manambala, amawerenga ndi zochitika, ndipo ndinazindikira kuti imeneyi ndi kalendala yodalirika ngati munthu waikonza bwino. Kumapeto kwa buku ndinapatula masamba awiri a zochitika zimene zaka zake ndi zodziwika. Muli njala ya 1949, kutha kwa indigenato, lamulo la atsamunda losiyanitsa anthu akuda ndi nzika za Chipwitikizi, m'chaka cha 1961, kuyamba kwa ntchito yomanga damu la Cahora Bassa mu 1969, ufulu mu 1975, kusintha kwa ndalama mu 1980, imfa ya Samora Machel pa 19 Okutobala 1986, chilala cha 1992 ndi kusainidwa kwa mtendere ku Rome pa 4 Okutobala chaka chomwecho, chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994, ndi kadamsana wa pa 21 Juni 2001. Gogo akati, "Mwana ameneyu anali kumsana pamene tinamva za Samora," ndimadziwa kuti anabadwa cha mu 1985 kapena 1986, ndipo ndimalemba choncho, ndi mawu akuti "cha mu" patsogolo. Akati wina anabwerako ku migodi ya ku Johannesburg chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ndimadziwa kuti akunena 1974. Pansi pa zochitika zadziko ndimawonjezera zakwathu, monga chaka chimene tchalitchi chinafoleredwa ndi malata kapena chimene mfumu yakale inalowa ufumu, ndikangopeza pepala limodzi lozitsimikizira.

Ndalama zambiri zimene ndaononga pa ntchitoyi zapita pa mayendedwe, ndipo sindidandaula nazo. Agogo anga aakazi aja anasiya mng'ono wawo mmodzi, amene anakwatiwa kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu nthawi ya nkhondo ndipo sanabwererenso. Kumeneko msewu waukulu ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, motsata mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 osafunsa anthu amene anali ndi minda mbali zonse ziwiri. Ndinasunga pang'onopang'ono kwa miyezi itatu, ndipo pa tchuthi ndinanyamuka ndi shuga, sopo, mchere ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zija m'envulopu.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Tsiku loyamba sindinatulutse buku konse, tinangocheza za maliro, za mvula ndi za mitengo ya feteleza, chifukwa munthu wamkulu safunsidwa mafunso ngati ali pa bwalo la milandu. M'mawa mwake ndinakhala nawo pamkeka ndi kuwapatsa chithunzi chimodzi, cha anthu asanu ataima kutsogolo kwa nyumba yaudzu, chimene kwathu palibe amene ankadziwa onse olimo. Anachiyandikitsa kumaso, nakhala chete nthawi yaitali, kenako anaika chala pa mnyamata wa kumapeto wovala kabudula nati, "Uyu ndi mlongo wathu amene anapita ku Rhodesia osabwerako, anatchona. Amayi anamulira mpaka kufa." Ine sindinkadziwa n'komwe kuti agogo anali ndi mlongo woteroyo. Ndinawapempha kuti, "Agogo, kodi mungandilole nditsegule foni kuti isunge mawu anuwa, kuti adzukulu anu adzawamve?" Anaseka pang'ono nati, "Tsegula, mwana wa mwana wanga, ine mawa kulibe." Analankhula kwa maola awiri, manja ali m'nyemba, ndipo anatchula mayina a anthu 31 amene sanalembedwe pa pepala lililonse la m'bokosi lija.

Ndinaphunzira kumeneko kuti funso lakuti "Munabadwa liti?" limatseka pakamwa, pamene lakuti "Ndani anakunyamulani pothawa?" kapena "Munkatunga kuti madzi muli mtsikana?" limatsegula. Chithunzi, khasu lakale, dzina la dambo kapena nyimbo ya pamtondo zimakumbutsa zambiri kuposa mafunso olembedwa. Chojambulira mawu cha pafoni sichifuna mamega a intaneti, chimangofuna batire, choncho ndinaitchajiratu foniyo pa sola ya oyandikana nawo. Poyamba kujambula ndimatchula ndekha tsiku, malo ndi amene ndikulankhula nawo, ndipo usiku womwewo ndimalemba m'buku mfundo zikuluzikulu ndisanaiwale amene "iye uja" ndi "malemu aja" akutanthauza.

Si zonse zimene ndinamva zimene zinalowa m'buku. Pamene anafika pa nkhani ya amuna awiri a m'banja mwathu amene nkhondo inawaika mbali zosiyana, agogowo anatambasula dzanja nati, "Apa tseka." Ndinatseka, ndipo zimene ananena pambuyo pake sindinazilembe paliponse, chifukwa ana a amuna awiriwo ali moyo ndipo amadyera mbale imodzi. Momwemonso za kudambwe ndi za kutsimba sizilembedwa, ndimangolemba kuti wakuti analowa chaka chakuti ngati eni ake avomera. Ena anganene kuti wolemba mbiri ayenera kulemba zonse, koma ine ndikuona kuti bukuli ndi la mbumba, monga ananenera malume, ndipo munthu amene wandikhulupirira ndi mawu ake ali ndi ufulu wonena pamene ndilekezere.

Za kumaofesi ndinena mwachidule. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati a m'matchalitchi ndi chuma chachikulu, chifukwa mishoni zakale monga Lifidzi ku Angonia ndi Boroma kufupi ndi Tete zinkalemba mayina a anthu a kumidzi pa nthawi imene ambiri a iwo sankalowa m'kaundula wa boma, ndipo mzere umodzi wa m'buku lotero umatchula mwana, makolo ake, omuimira pa ubatizo ndi mudzi. Ku parishi ya kwathu katekisiti anandilola kukhala naye pansi masana amodzi ndi kukopera ndi dzanja mizere inayi, ndipo ndinasiya chopereka chochepa mwa kufuna kwanga. Mabuku ena anatayika pa nkhondo, choncho ndi bwino kufunsiratu kudzera mwa wachibale musanalipire shapa. Ku rejisto, chikalata chilichonse chimene mwapempha chimalipiridwa, kotero ndimapita ndili ndi nambala ya asento, kutanthauza ya m'kaundula, ndi chaka zimene zalembedwa pa sedula, ndipo ndimapempha chokhacho chimene chingayankhe funso limene sindingalipeze kwina. Nkhokwe yaikulu ya zakale za dziko lino, Arquivo Histórico de Moçambique, ili ku Maputo pansi pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo ulendo umenewo ndauika pambali kufikira nditatsiriza kucheza ndi okalamba onse amene ndingawafikire ndi shapa.

Mapepala enieniwo tsopano ali m'maenvulopu akhaki, envulopu imodzi munthu mmodzi, ndipo pa iliyonse ndinalemba nambala yofanana ndi ya tsamba la m'buku. Pakati pa zikalata zosalimba ndimaika pepala loyera losalembedwa kuti inki ya china isadetse chinzake, ndipo sindizipindanso, ndimazigoneka chotambasula. Kuseri kwa chithunzi ndimalemba mopepuka ndi pensulo nambala yokha, mayina a olimo ali m'buku kuyambira kumanzere kupita kumanja. Bokosi lachitsulo lija ndinalipala dzimbiri, wowotcherera anatseka kabowo ka pangodya, ndipo limakhala pamwamba pa kabati, osati pansi kapena mogunda khoma kumene chiswe ndi chinyezi zimadzera. Kuno ku Moatize mdani wamkulu ndi kutentha, choncho bokosilo lili m'chipinda chimene dzuwa silifikamo, pamene kumudzi kumapiri mdani ndi chinyezi ndi nkhungu. Jumbo yapulasitiki imateteza ku madzi koma imatsekeranso chinyezi m'kati, choncho pepala liyenera kuuma kaye pamthunzi lisanaikidwemo. Kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso itatha, ndimatsegula bokosilo, kuyang'ana ngati mwalowa mphemvu kapena njenjete, ndi kulisiya lotsegula kwa maola angapo. Malisiti a masiku ano a pepala loterera aja amafufutika okha pakapita miyezi, kotero ofunika ndimawachititsa fotokopi nthawi yomweyo.

Chikalata chilichonse ndinachijambula ndi foni, mbali zonse ziwiri, nditachigoneka pa nsalu yakuda pakhonde m'mawa, pamthunzi, popanda kuwala kwa foniko chifukwa kumachita chiphaliwali pa zithunzi. Apanso ndinaphunzira ndi misozi. Foni yanga yoyamba inabedwa pamalo okwerera shapa, ndipo munali zithunzi zonse ndi mawu a malume a maola atatu amene ndinali ndisanawasamutsire kwina. Zikalata ndinazijambulanso, malume anavomera kubwereza, koma nkhani zina sanazinene monga poyamba. Mwamwayi mawu a agogo a ku Lizulu ndinali nditawatumiza kale kwa mchemwali wanga. Kuyambira pamenepo chilichonse chimakhala malo atatu: pafoni, pa kakhadi ka memori kamene kamakhala m'envulopu m'bokosi, ndi pa imelo imene ndimadzitumizira ndekha usiku pamene mamega ali otsika mtengo. Potumiza chithunzi pa WhatsApp ndimachitumiza ngati dokumento, chifukwa chikapita mwa njira yamasiku onse chimachepetsedwa ndipo zilembo zing'onozing'ono za pa chidindo siziwerengekanso. Dzina la fayilo iliyonse limayamba ndi nambala ya munthu, kenako mtundu wa chikalata ndi chaka, kuti wina wosakhala ine adzathe kuzipeza. Ziphaso za anthu amoyo, makamaka BI, chiphaso chaunzika, sindiziika pa Facebook kapena pa gulu lalikulu, chifukwa manambala ake angagwere m'manja mwa akuba.

Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, mtsinje wa Revubwe unasefukira mpaka kugwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mphunzitsi mnzanga amene nyumba yake inalowa madzi anataya masatifiketi ake onse ndi zithunzi za makolo ake usiku umodzi. Zimenezo zinandichititsa mantha, pakuti buku lathu linali limodzi lokha. Ndinalembera abale pa gulu lathu kuwapempha kuti asonkhe kangachepe, ndipo ena anatumiza pa M-Pesa, ena anapereka pamanja, mpaka zinakwanira kuchititsa fotokopi buku lonse katatu. Kope limodzi lili kwa malume kumudzi, lina kwa mchemwali wanga mu mzinda wa Tete, lachitatu kwa ana a agogo a ku Lizulu. Kusonkhako kunathandizanso m'njira ina imene sindinaiyembekezere, chifukwa amene anaponyapo ndalama anayamba kuliona bukulo ngati lawo, ndipo ena anatulutsa zithunzi ndi makhadi amene anali atawasunga m'mabaibulo ndi m'masutikesi kwa zaka zambiri.

Ena amandifunsa phindu la ntchitoyi, poti silimabala chakudya. Chaka chatha panabuka kusamvana pa malire a dimba lina la kudambo, ndipo nkhaniyo itapita kwa mfumu, malume ananyamula kope lawo lija. Lamulo la malo la dziko lino la 1997 limavomereza kuti anthu amene akhala ndi kulima pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe chikalata, ndiponso kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi ndi umboni ndithu. Bukulo silinagamule mlandu, anagamula ndi akuluakulu, koma tsamba limene linali ndi mawu a agogo ofotokoza amene anatsegula dimbalo, ndi mtengo wa mkuyu umene unali malire, linathandiza mboni zokalamba kukumbukira, ndipo mbali zonse ziwiri zinapezeka kuti ndi zidzukulu za mabere awiri a tsinde limodzi.

Pamene tinasonkhana kumanga chiliza cha agogo, malume anandipempha kuti ndiwerenge bukulo madzulo pabwalo, anthu atatha kudya. Ndinawerenga bere lililonse mwa dongosolo lake, ndipo ana anakhala chete pomva mayina awo akutuluka m'mayina a anthu amene sanawaonepo. Ndili pakati, mayi wina wokalamba wa m'mudzi woyandikana nafe, amene sindinaganizepo zokamufunsa, anakweza dzanja nati, "Pepani aphunzitsi, pamenepo mwalumpha. Pakati pa awiriwo panali mtsikana amene anamwalira ndi nthomba asanatsike mtengo, ndinkasewera naye ine." Ndinatulutsa pensulo pomwepo, ndinamupatsa mtsikanayo nambala 118, ndipo pambali ndinalemba amene wandiuza ndi tsiku lake.

Agogo a ku Lizulu anatisiya chaka chathachi nthawi ya masika. Tsamba la mlongo wawo uja anatchona ku Rhodesia lidakali ndi mizere itatu yokha: mayina ake awiri, chaka choyerekeza chimene ananyamukira, ndi dzina la famu limene agogowo analitchula monga analimvera m'kalata zaka zambiri zapitazo. Mwana wa msuweni wanga amayendetsa galimoto yakatundu yodzera ku Kuchamano kupita ku Harare, ndipo ndamupatsa fotokopi ya chithunzi chija ndi mizere itatuyo kuti akafunse m'matchalitchi mmene mumasonkhana zidzukulu za anthu a kwathu.